Chimbale choyamba cha The Blue Hearts anachikonza bwanji kuti chizimveka chamoyo chonchi?

Wamagetsi_Gazaland analemba:

Moni nonse a pabwalo pano. Ndakhala ndikuwerenga zanu mwakachetechete kwa nthawi yaitali, lero ndati nanenso ndiponyepo funso, koma mundipirire chifukwa ndiyambira patali.

Ine ndimakonza magetsi a galimoto ku Gazaland, ku Highfield, mu Harare muno. Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya, ine ndinabadwira konkuno, koma m'nyumba mwathu Chichewa sichinazime. Mwezi wa Juni kunabwera mnyamata wina ndi Honda Fit yake ya ex-Jap, yongolowa kumene pa Beitbridge, akufuna ndimuikire band expander, kachipangizo kothandiza wailesi kugwira masiteshoni a kuno. Amene muli ndi magalimoto amenewa vuto lake mukulidziwa: wailesi zakale za ku Japan zimayambira pa 76 n'kuthera pa 90 FM, ndiye masiteshoni athu ambiri sizigwira. Nditasolola wailesiyo ndinapeza kuti m'kati mwake munakanirira CD. Inali yochita kukopera, pamwamba atalembapo zilembo za Chijapani ndi cholembera chakuda. Mwini galimoto anati, "Tayani mdhara, ndilibe nayo ntchito." Sindinataye. Madzulo ndinaiika m'wailesi yanga yoyesera, ija ndimailumikiza ku batire pabenchi.

Abale, pulayazi ndinaika pansi. Gitala akukanda ngati chopukusira zitsulo kumsika wa Siyaso, ng'oma zikuthamanga osapuma, woimba akutulutsa mawu onse a m'chifuwa ngati akuitana munthu ali tsidya lina la mtsinje wodzaza. Sindimva liwu ngakhale limodzi la Chijapani, koma ndinadziwa kuti munthuyu sakunama. Nyimbo zilipo 12, zonse pamodzi sizikwana mphindi 40. Yomaliza ndiyo inandimaliza: imayamba pang'onopang'ono ngati ya pamaliro, munthu akuimba mofatsa, kenako mwadzidzidzi zonse zimangophulika. Mwana wanga wamkazi anaika foni pafupi ndi sipika, Shazam n'kutiuza kuti ndi The Blue Hearts, chimbale chawo choyamba cha 1987, ndipo nyimbo yomalizayo ndi Linda Linda. Kuyambira tsiku limenelo anzanga a pagalaja akudziwa kuti ikakwana 4 koloko ku benchi kwanga kumveka Chijapani.

Tsono chimene ndabwerera ndi ichi. Ndikulera mwana wa malemu chemwali anga, mnyamata wa zaka 19. Ali ndi kabandi kake: iyeyo amaimba ndi kuliza gitala, anzake awiri ali pa gitala wina ndi bezi, ndipo ng'oma amaimba ndi mtsikana wa ku Glen Norah, wamng'ono thupi koma dzanja lake ndi lolemera. Amayeserera kuseri kwa galaja yathu Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Amaimba m'Chichewa ndi m'Chishona, mothamanga, mwaphokoso, ndipo nditawamvetsera CD ija mnyamatayo anangoti, "Amalume, ndi zimenezitu zimene timafuna ife." Monga malume wake ndinalonjeza kuti situdiyo ndilipira ndine. Ndasunga madola 250, pang'onopang'ono, kuchokera pa ma alternator ndi ma starter.

Sabata yatha tinapita kukaonana ndi mwini situdiyo ina. Kachipinda kaukhondo, kompyuta, maiki imodzi yabwino, masiponji m'makoma. Anatilandira bwino, koma anati ng'oma zenizeni asabwere nazo, iye aika za pakompyuta zomwe sizilakwitsa, ndipo aliyense azilowa payekha kujambula mbali yake. Mtsikana uja sanayankhule kanthu. Pobwerera m'kombi ulendo wonse anangoyang'ana pawindo, timitengo take ta ng'oma tili m'manja. Mtima wanga unawawa.

Ndiye ndikufunsa amene mukudziwa za bandi ya ku Japan imeneyi: chimbale chimenechi anachikonza bwanji? Kwa ine chikumveka ngati anthu anayi ali m'chipinda chimodzi akuyang'anana m'maso, thukuta lili kamukamu. Kodi chinsinsi chake chili m'makina, m'chipinda, kapena mwa anthuwo? Ndipo ndalama zangazi ndikazipereke kwa wa kompyutayo, kapena ndifunefune kwina?

Mphunzitsi_Mabvuku analemba:

Amalume a ku Gazaland, mwandikumbutsa kutali. Ndinakhalako ku Japan zaka ziwiri pa maphunziro, ndipo nyimbo imene yakugwirani mtimayo ndi yomwe anthu amatsekera nayo karaoke, akulu ndi ana omwe, onse akudumpha. Mawu ake oyamba amanena za kufuna kukhala wokongola ngati khoswe wa m'ngalande. Munamva bwino, munthuyo sakunama.

Bandiyi inayamba mu 1985 ku Tokyo. Woimbayo ndi Hiroto Komoto, wochokera ku Okayama, pa gitala pali Masatoshi Mashima, pa bezi Junnosuke Kawaguchi, ndipo pa ng'oma Tetsuya Kajiwara, yemwe analowa mu 1986. Nyimbo zambiri ankapeka ndi Komoto ndi Mashima, aliyense zakezake. Tawerengani zakazo, amalume: 1985 mpaka 1987. Zaka ziwiri zathunthu asanatulutse chimbale ankaimba m'timalo tomwe kumeneko amatitcha live house, tizipinda tothinana, tambiri tapansi pa nyumba zosanja, monga Shinjuku Loft. M'malo otero woimba ndi womvera amatalikirana mkono umodzi basi. Nyimbo ikakhala ndi mafuta osafunika umaonera pankhope za anthu, mawa lake umakaidula. N'chifukwa chake nyimbo za pa chimbalecho n'zazifupi, zopanda zokongoletsa zambiri. Pomwe ankalowa m'situdiyo n'kuti nyimbozo zitapsa kale, otsatira awo akuziimba pamtima.

Chinanso, sanayambe ndi chimbale. Mu Febuluwale 1987 anatulutsa okha, popanda kampani yaikulu, kambale kakang'ono ka nyimbo yotchedwa Hito ni Yasashiku. Kenako kampani ya Meldac inatulutsa Linda Linda pa 1 Meyi, chimbale chonse n'kutsatira pa 21 Meyi 1987. Linda Linda ya pa kambale kakang'ono ndi ya pa chimbale si chijambulo chimodzi, mukazimvera motsatizana mumva kusiyana. Zimenezi zikuonetsa kuti ngakhale nyimbo yomveka ngati yangophulika yokha, anthu anaikhalira pansi n'kusankha mmene imvekere.

Amene anayang'anira ntchito yojambula anali Takeshi Asada, yemwe kale ankaimba bezi m'bandi ya rock ya Sheena & the Rokkets. Kwa ine mfundo imeneyi ndi yaikulu. Anawapatsa munthu amene anaimapo pa siteji, wodziwa mmene bezi ndi ng'oma zimapumira limodzi, osati wongodziwa mabatani. Miyezi isanu ndi umodzi yokha itadutsa, mu Novembala 1987, anatulutsa chimbale chachiwiri, Young and Pretty, mothandizidwa ndi Masahide Sakuma, ndipo mu Febuluwale 1988 anakaimba ku Budokan, holo yaikulu yotchuka ya ku Tokyo. Munthu sutulutsa zimbale ziwiri chaka chimodzi ngati nkhokwe ya nyimbo ilibe kanthu.

Pali kanthu kena koti mukamvetsere pa CD yanuyo. Nyimbo yachiwiri, Owaranai Uta, yopeka Mashima, ili ndi malo pomwe gitala amakwera dala n'kuphimba liwu limodzi la woimba. Liwulo limatanthauza "wamisala", ndipo ku Japan saliloleza pa wailesi. Pa pepala la mawu a nyimbo analichotsanso. Nyimboyo imanena za munthu amene dziko lamutenga ngati chinyalala ndi wamisala, ndiye taonani, liwu lenileni la bala lake ndi lomwe linabisidwa. Si iwo okha. The Stalin, bandi ya Michiro Endo, pojambula Stop Jap mu 1982 kampani inawasinthitsa mawu ambiri, ndipo mtundu wokhala ndi mawu oyambirira unadzatuluka mu 2007. Ndiye mukamasankha situdiyo, funsaninso ngati mwini wake adzalole anawo kunena zimene akufuna kunena.

Yankho langa ndi lakuti chimene mukumvacho ndi zaka ziwiri za siteji. Ng'oma za pakompyuta sizingakupatseni zimenezo, ndipo wong'oma wanuyo musamuchotse.

Bezi_Wakale_Mufakose analemba:

Mphwanga wa ku Gazaland, ine za ku Japan ndaphunzira lero kwa aphunzitsiwa, koma za situdiyo ndilankhula, poti ndinaimba bezi m'mabawa ndi m'mahotela a Harare kuyambira 1981 mpaka mawondo atayamba kukana.

Chaka chimene aphunzitsi akutchulacho, 1987, ife kuno tili nacho ndi nkhani yathu. Bhundu Boys anajambula nyimbo zawo zoyamba ku Shed Studios konkuno ku Harare, anyamata ozolowera kuimba usiku wonse m'bawa. Nyimbo zimenezo ndi zomwe zinapanga chimbale cha Shabini, chomwe John Peel ndi Andy Kershaw anachikonda n'kumachiika pa BBC. Mu 1987 anasaina ndi kampani yaikulu ya WEA, anatsegulira Madonna ku Wembley, n'kujambula True Jit ndi Robin Millar, katswiri yemwe anajambulapo Sade. Makina apamwamba, ndalama zambiri, zonse zosalala. Koma ambiri amene anawakonda poyamba anati moto uja wachepa. Ine ndili nazo zonse ziwiri, ndipo imene ndimabwerera kukamvera ndi ya ku Shed. Ndiye pamenepo ndikugwirizana ndi aphunzitsi.

Koma mwini situdiyo mwamuonayo musamuweruze msanga. Ali ndi maiki imodzi ndi kachipinda kakang'ono. Ntchito imene imamudyetsa ndi ya anyamata a zimdancehall, woimba mmodzi pa riddim, kutanthauza zoimbira zokonzeratu pakompyuta, ndipo pa zimenezo angakhale katswiri. Ng'oma zenizeni zimafuna malo, zimafuna maiki zinayi kapena kuposa: ya bass drum, ya snare, ziwiri zapamwamba. M'kachipinda kothina zimbale zachitsulo zija zimalowa m'maiki iliyonse, pomaliza umangomva tswii tswii. Munthuyo wakuuzani zimene angathe. Si situdiyo yoipa, ndi situdiyo ya ntchito ina. Funani komwe amajambula sungura kapena makwaya ndi mabandi a tchalitchi. Anthu a sungura sanasiye kuimba ndi manja. Mverani bezi wa Alick Macheso, mwana wa kwathu yemwe amaponyamo ndi Chichewa, muone mmene amayankhulirana ndi ng'oma. Wojambula amene wazolowera zimenezo sadzaopa ana anuwo.

Tsopano mawu owawa. Lamlungu lokha kuseri kwa galaja si zaka ziwiri za siteji. Kodi anawo aimbapo kangati pamaso pa anthu osawadziwa, anthu oti akhoza kutembenuka n'kumapita? Maiki ilibe chisoni, mphwanga. Wong'oma akamathamanga pa kolasi n'kubwerera pa vesi, pagalaja simumva chifukwa phokoso limakwirira, koma pa chijambulo zimakhala poyera ngati nsabwe pa nsalu yoyera. Ine tsiku langa loyamba m'situdiyo tinataya maola atatu pa nyimbo imodzi chifukwa ine ndi wong'oma tinali tisanamvanepo bwinobwino, tinkangodalira phokoso.

Chitani izi. Ikani foni pakati pa galaja, ajambule nyimbo zonse kamodzi osaima, mawa lake akhale pansi amvere opanda zida m'manja. Wabezi ndi wong'oma aziyeserera awiriwiri, popanda magitala, mpaka phazi la mtsikanayo ndi chala cha mnyamatayo zizigwa pamodzi. Ndi madola 250 musalote nyimbo 12. Sankhani zinayi. Tsiku loyamba ajambule onse pamodzi, ma amp atawaika kutali kapena kuwatchinga ndi matiresi, woimba azingotsogolera. Tsiku lachiwiri abwereze mawu okha ndi gitala pomwe pafunika. Mawaya a gitala asinthe kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa tsikulo, chifukwa atsopano amamasuka. Ndipo inu ndinu wamagetsi, funsani za magetsi: akazima amagwiritsa sola kapena jenereta? Jenereta ikakhala pafupi ndi khoma imalowa m'nyimbo, ndipo simudzaichotsamo.

Nabanda_Epworth analemba:

Achimwene, ine za magitala sindilowererapo. Chandikhudza ndi mtsikanayo. Mwana wamkazi kuti afike pogwira timitengo ta ng'oma pakati pa anyamata, kwawo wamva mawu angati? Mwina anamuuza kuti ng'oma si za akazi, mwina amachita kuzemba. Lero afike pakhomo la situdiyo amve kuti makina amuposa. Mukamusiya kunja tsiku limenelo sadzabweranso, ndikudziwa chifukwa mng'ono wanga anasiya kiyibodi mwanjira yomweyo, mpaka pano akaona ena akuimba kutchalitchi amangowerama. Pitani mukaonane ndi makolo ake, muwauze kuti mwana wawo ali ndi luso ndipo ali m'manja mwa munthu wamkulu. Komanso mawu a nyimbo za mphwanuyo mwawamvetsera bwino? Mwana wamasiye akamakuwa m'nyimbo amakhala ali ndi chonena.

Mphunzitsi_Mabvuku analemba:

Amayi Nabanda mwanena zoona. Mtsikanayo mukamuuze za Shonen Knife, atsikana atatu a ku Osaka omwe anayamba bandi mu 1981: Naoko Yamano, mng'ono wake Atsuko pa ng'oma, ndi mnzawo Michie Nakatani. Anayamba ndi kaseti yopanga okha mu 1982, kenako chimbale cha Burning Farm mu 1983 pa kampani yaing'ono ya Zero Records, uku masana akugwira ntchito zina. Mu 1991 anayenda ndi Nirvana ku Britain. Ng'oma za Atsuko pa zijambulo zoyambazo n'zosavuta, koma ndi zake, ndipo ndi zomwe anthu anazikonda.

Akulu a ku Mufakose, pa nkhani ya nyimbo zinayi ndavomera. Ngakhale The Blue Hearts anayamba ndi kambale kakang'ono.

Wamagetsi_Gazaland analemba:

Zikomo nonse, ndachedwa kuyankha chifukwa ndimafuna ndiyambe ndachita zimene munanena.

Aphunzitsi, liwu lobisika lija ndalipeza. Ndinabwereza nyimbo yachiwiriyo kasanu, ndipo pamalo pake gitala amadzukadi ngati munthu woimirira kutsogolo kwa mnzake. Miyezi yonseyi ndimadutsapo osadziwa.

Achimwene a ku Mufakose, Lamlungu tinaika foni pa thayala pakati pa galaja. Lolemba madzulo anabwera onse anayi, tinamvera pa wailesi ya pabenchi ija. Munanena zoona. Pa nyimbo ziwiri mtsikanayo amathamanga ikafika kolasi, ndipo wabezi amamutsatira mochedwa ngati ngolo yomangidwa ndi chingwe chachitali. Anazimva okha, ine sindinanene kanthu. Chimene chinandisangalatsa n'chakuti palibe analoza mnzake chala. Mtsikanayo anangofunsa wabeziyo kuti, "Lachitatu uli ndi nthawi?" Pano akumakumana awiriwo Lachitatu ndi Lachisanu ndikatseka, ine ndimakhala panja pa mpando mpaka amalize, kenako ndimamuperekeza mtsikanayo kokwerera kombi ku Machipisa.

Achemwali a ku Epworth, kwa makolo ake ndinapita Loweruka ndi mayi a kunyumba. Bambo ake poyamba anali ouma, koma titacheza tinapeza kuti agogo ake aakazi a mwanayo kwawo ndi ku Ntcheu, nkhani n'kufewa. Avomera, bola azifika pakhomo isanakwane 8 koloko. Ndipo funso lanu lachiwiri landigoneka mochedwa. Ndinamupempha mnyamatayo andilembere mawu a nyimbo zake papepala, poti m'phokoso muja sindinkawamva. Imodzi ndi ya mayi ake. Akunena za tsiku lomwe tinabwera kuchokera kumanda, iye n'kupeza nsapato zawo zili pakhomo pomwe anazivula. Ine nsapato zimenezo ndikuzikumbukira, ndine ndinazichotsapo. Chaka chonse mwanayu wakhala akuimba zimenezi kuseri kwa galaja yanga, ine ndili mkati ndikumanga mawaya. Nyimbo imeneyo ikhala yoyamba pa zinayi zija, ndipo palibe adzaphimbe liwu lake ngakhale limodzi.

Kwa mwini situdiyo uja ndinabwererako kukamuthokoza ndi kumuuza kuti ntchito yathu ikufuna chipinda chachikulu. Sanakhumudwe, mpaka ndiye watilozera kwa mnzake wina ku Chitungwiza amene amajambula mabandi a sungura, ali ndi chipinda cha ng'oma ndiponso sola. Tagwirizana kuti tipite mu Disembala, masiku awiri. Pakali pano ndawapezera poimba pawiri: pa chinkhoswe cha mwana wa mnzanga ku Glen View, ndi pa tsiku la achinyamata kutchalitchi kwathu, komwe abusa ati aimbe panja mapemphero akatha. Ndikufunafuna pena pachitatu pomwe palibe amene akuwadziwa.

Chatsala ndi chikopa cha snare, chomwe chilipo chang'ambika m'mphepete ndipo tachimata ndi tepi. Ndi cha mainchesi 14. Amene akudziwa sitolo m'tauni kapena munthu amene ali nacho chogwiritsidwapo kale koma cholimba, andiuze pompano. Achimwene a ku Mufakose, ngati mawondo angalole, Lamlungu likubwerali amayamba 2 koloko. Mukatsika pa Gazaland mungofunsa wamagetsi wa nyimbo za Chijapani, akulozerani. Mpando ndikusungirani pafupi ndi wabezi.